Manja otikita ndi mitima yolemedwa

Kale ku Japan, mdima ukagwa ndipo m'misewu mukayamba kuti zii, kunkamveka kulira kwa kachitoliro. Woimbayo anali munthu wosaona, ndodo ili m'manja, akuyenda pang'onopang'ono kudziwitsa a m'nyumba kuti wotikita minofu akudutsa. Amene msana ukumuwawa, kapena amene tulo tamukana, ankatsegula chitseko n'kumuitana. Ntchitoyo ankaitcha anma. Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi nthawi imene chitolirocho chinkalira. Mwina ankayenda usiku chifukwa ndi pamene anthu aweruka. Koma aliyense amene anagonapo chagada, maso ali tong'o kudenga, akuwerengetsera ngongole, akudziwa kuti usiku ndi pamene maganizo amaluma kwambiri.

Ife sitisowa wotiuza kuti dzanja limachiza. Mayi akachira, anzake amamuthowa ndi madzi otentha. Mwana akavuta usiku timamusisita kumsana mpaka atagona. Asayansi anachita kubwera pambuyo kudzafufuza chifukwa chake. Ofufuza a ku Sweden anapeza kuti pakhungu pamene pamamera cheya pali timitsempha timene timagalamuka kwambiri munthu akamasisitidwa mofatsa, dzanja likamayenda pakati pa sentimita imodzi ndi masentimita 10 pa sekondi. Mukafulumiza, timitsemphato timachita ngati sitikumva. Ku America, Tiffany Field, amene anayambitsa Touch Research Institute pa yunivesite ya Miami mu 1992, anali ataonetsa kale mu 1986 kuti makanda obadwa masiku asanakwane, akamatikitidwa, amanenepa msanga ndipo amatuluka m'chipatala masiku pafupifupi asanu ndi limodzi anzawo asanatuluke. Mu 2004 Christopher Moyer ndi anzake anaunika pamodzi zotsatira za kafukufuku 37, ndipo chimene chinaonekera kwambiri sichinali cha msana kapena cha khosi ayi. Chinali chakuti anthu otikitidwa maulendo angapo nkhawa zimawachepera, ndipo kukhumudwa kosatha kuja kumapepuka.

Pano ndichenjeze pang'ono, chifukwa otsatsa malonda amakonda kukometsera. Kutikita sikulowa m'malo mwa mankhwala kapena uphungu wa kuchipatala kwa munthu amene matenda a maganizo amugwiradi. Moyer yemweyo anadzaonetsa kuti nkhani imene imatchuka, yakuti kutikita kumatsitsa kwambiri cortisol, homoni imene imachuluka m'thupi munthu akapanikizika, ilibe umboni wamphamvu. Koma munthu amene wagona tulo tabwino kwa nthawi yoyamba pa sabata yonse sangakuvomereni kuti sanathandizidwe.

Ntchito yeniyeniyo ndi ya tsiku ndi tsiku: kusamba m'manja, kuyala nsalu, mafuta, kufunsa kuti, “Ndikanikize kwambiri kapena pang'ono?” Zimene otikita amakonda kusimba ndi zina. Amati pali anthu amene amabwera akudandaula phewa, koma dzanja likangofika pakhosi, misozi ili chuchuchu, ndipo iwo eni sadziwa chimene akulirira. Amati ena amayamba kuulula za banja lawo, za imfa ya mwana, za ntchito imene yatha, zinthu zimene sanauzepo ngakhale m'bale wawo. Wotikita waluso amadziwa kuti iye si phungu. Amangomvetsera, manja osaima, ndipo akaona kuti katunduyo wamukulira amalangiza munthuyo kukaonana ndi adokotala. Akaweruka amapita kwawo zala zamanthu zikuwawa, m'mutu mwadzaza mavuto a eni ake.

Ndiye pali chitonzo. Ntchito yogwira thupi la munthu m'chipinda chotseka anthu sachedwa kuiganizira zoipa. Si za lero. Mu 1894 magazini ya madokotala ya British Medical Journal inalemba kuti nyumba zina zotikitira minofu ku London zinali nyumba za uhule, ndipo chaka chomwecho amayi anayi, anamwino ndi azamba, anayambitsa bungwe la Society of Trained Masseuses kuti ayeretse dzina la ntchito yawo. Bungwe limenelo ndi limene linadzakhala Chartered Society of Physiotherapy. Zaka zoposa 100 zadutsa, koma mayi wotikita minofu amayenerabe kufotokozera kasitomala wina kuti malire ali pati.

Koma kumene nkhaniyi imandisowetsa mtendere ndi ku South Korea. Kumeneko chiphaso cha ntchito yotikita minofu chimaperekedwa kwa anthu osaona okha. Lamuloli linayamba mu 1913, dzikolo likulamulidwa ndi Japan. Linachotsedwa mu 1946, n'kudzabwezeretsedwa mu 1963. Kwa wosaona wa kumeneko, anma ndi munda wake, ndi nkhokwe yake. Amaiphunzira zaka ziwiri, kuloweza fupa lililonse ndi mnofu uliwonse ndi zala.

Mu Meyi 2006 khoti loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti kuletsa anthu openya kugwira ntchitoyi n'kuwaphwanyira ufulu wosankha ntchito. Osaona anakhamukira pa mlatho wa Mapo mumzinda wa Seoul n'kukhala pamenepo masiku ambiri. Ena anadziponya mumtsinje wa Han, apolisi n'kumawavuula ndi mabwato. Pa nyengo ya zionetserozo ena anataya moyo. Taganizirani: anthu amene ntchito yawo ndi yokhazika mitima ya anzawo pansi, nkhawa ya chimene adzadye mawa inawafikitsa pamenepo. Nyumba ya malamulo inachita changu, n'kulemba lamulolo m'malamulo a zachipatala chaka chomwecho, ndipo mu Okutobala 2008 khoti lomwe lija linavomereza kuti likhale. Lakhala likubwereza chigamulo chimenechi maulendo angapo kuchokera pamenepo.

Mtima wanga uli kwa osaonawo, sindibisa. Mfundo yawo ndi yosavuta kumva. Amati wopenya akhoza kuyendetsa basi, kugulitsa m'sitolo, kugwira ntchito m'fakitale, pamene iwo mabwana ambiri sawayang'ana n'komwe akafunsira ntchito. Mukawalanda iyi, atsala ndi chiyani? Amakumbutsanso kuti mahotela ndi malo opumulirako, atapatsidwa mwayi wosankha, adzatenga wopenya nthawi zonse.

Komabe ndikamva za mbali inayo ndimayamba kuyabwidwa. Cha m'ma 2008, osaona okhala ndi chiphaso analipo pafupifupi 7,000, pamene openya otikita minofu popanda chiphaso ankaposa 100,000. Amenewa si mbava. Ambiri ndi anthu osauka amene anaphunzira luso kuti adyetse ana. Amati dziko lonse likufuna kutikitidwa, osaona 7,000 sangakwanitse, ndiye bwanji boma likutisandutsa zigawenga? Amagwira ntchito m'malo olembedwa kuti masaji a mapazi, masaji a ku Thailand, masaji a ochita masewera, khutu lili kukhomo, podziwa kuti tsiku lina akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kulowa m'ndende. Munthu amene mtima wake uli m'mwamba chonchi ndi amene akuuza wina kuti, “Pumani mofatsa, masukani.” Motero mkangano wa magulu awiri a anthu osauka unapitirira pamene olemera akudikira kuti wina awatikite.

Masiku ano makampani ena akuluakulu a ku Korea ndi ku Japan amalemba ntchito osaona otikita minofu, amene amawatcha health keeper, kuti azipepuza antchito otopa ndi makompyuta ndiponso mabwana. Malipiro amakhala a pamwezi, ulemu ulipo, ndipo palibe woyendanso ndi chitoliro usiku. Koma mipata yotere ndi yochepa, ndipo ambiri akudalirabe kuti lero kubwera anthu angati.

Kasitomala yekha ndiye sadziwa zambiri za nkhondoyi. Amalowa, amavula nsapato, n'kugona chafufumimba nkhope ili m'kabowo ka bedi. Kwa ola lonse nayenso saona kanthu. Amangomva dzanja likutsika kumsana pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri ola lisanathe amakhala atayamba kuliza mkonono.