Rimoti ndi siginala, ndege ndi alovi ake

Pa Chipoka mwezi ukakhala kumdima, nyanja imadzaza nyali za asodzi a usipa. Magulu a chilimira amachuluka pamadzi amodzimodzi, lililonse ndi siginala wake m'bwato la nyali, koma alovi saponya ukonde chifukwa choti wina wake wakuwa. Amadziwa mawu a siginala wawo, ndipo chomwe chizindikiro chilichonse chikutanthauza anachimvana kale ali kumtunda. Ndege yaing'ono youlutsa ndi rimoti imadalira pangano lotero, ndipo ndege zina zimagwa chifukwa panganolo linalakwika zisananyamuke.

Ndegezi si zachilendonso kwathu kuno. Kumayambiriro kwa 2017 madroni a UNICEF anajambula madera amene madzi anasefukira kuno ku Salima, ku Lilongwe ndi ku Karonga. Mu June chaka chomwecho boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madroni ozungulira bwalo la ndege la Kasungu, ndipo kumeneko ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi Virginia Tech, anapanga ndege yopepuka yotchedwa EcoSoar yomwe inauluka makilomita 19. Mu 2020 African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Wofuna kutsata mapazi awo ayambire pa rimoti.

Rimoti ndiye siginala. M'ndege muli kabokosi kotchedwa risiva kamene kamamva malamulo n'kuwapereka ku injini ndi ku timamota tating'ono, ma servo, tomwe timakankha mbali zosuntha za mapiko ndi mchira. Kale marimoti ankagwiritsa ntchito 35 kapena 72 MHz, ndipo anthu awiri akayatsa pa tchanelo chimodzi, ndege inkamva mabwana awiri n'kugwa. Masiku ano ambiri ali pa 2.4 GHz, pomwenso pali Wi-Fi, ndipo amadumphadumpha matchanelo mofulumira kwambiri. Choncho ntchito yoyamba ndi kubainda: kudziwitsa risiva nambala yachinsinsi ya rimoti yanu kuti isamverenso ina. Pochita zimenezi chotsani kaye pulopela, chifukwa injini ikadzidzimuka imacheka zala. Nthawi zonse yambani kuyatsa rimoti, batire ya ndege pambuyo. Pozimitsa, batire ichoke kaye.

Pa kachitidwe kofala kotchedwa Mode 2, kandodo kakumanzere n'ka mphamvu ya injini ndi chiwongolero cha kumchira, kakumanja n'kopendeketsa mapiko ndi kukweza kapena kutsitsa mphuno.

Apa ndi pomwe ndikufuna mudekhe. Tangoganizani siginala akuti kokani, alovi n'kumva kuti tayani. Servo ikhoza kuyenda mobwerera chotero, ndipo diso lothamanga limangoona kuti chinthu chagwedezeka n'kukhutira. Kugwedezeka sikokwanira. Imani kumbuyo kwa ndege, mphuno yake italoza kutsogolo. Mukakankhira kandodo kakumanja kudzanja lamanja, aileron (mbali yosuntha) ya phiko lakumanja ikwere, yakumanzere itsike. Mukakakokera kwa inu, elevator (mbali yokwera ndi kutsika) ya kumchira ikwere. Zikasemphana, mu rimoti muli potembenuzira tchanelo chimenecho. Ndege ya ma aileron otembenuka siichedwa m'mwamba: ikapendekera kumanzere inu mumaiwongolera kumanja, iyo n'kupendekera kumanzere koposa, mpaka phiko kugunda mchenga. Yesani zimenezi nthawi iliyonse musanaulutse, ngakhale dzulo zinali bwino.

Wongoyamba kumene dzanja limamulemera. Chepetsani mtunda umene ma servo amayenda, muikenso expo pang'ono kuti kandodo kakhale kofatsa pakatikati. Ndege ikamakokera mbali imodzi inu mutasiya tindodo, timabatani ta trim timaiwongola.

Funso lalikulu, lomwe ambiri amalidumpha, ndi ili: alovi achite chiyani siginala akasiya kumveka? Pa rimoti yankho lake ndi failsafe, lamulo limene risiva imasunga kuti ilitsate ikasiya kumva. Ikani kuti injini izime ndipo mapiko ndi mchira zibwerere pakati. Musangokhulupirira kuti zatheka. Pulopela ili yochotsa, thamangitsani injini pang'ono, zimitsani rimoti, muone ndi maso anu ngati yaima. Ndege yopanda lamulo limeneli ikhoza kupitirira ndi mphamvu yomwe inali nayo mpaka batire kutha, kaya kulowera ku zilumba za Maleri kaya pa denga la munthu. Kenako yesani mtunda: marimoti ambiri ali ndi pochepetsera mphamvu, ndipo mukayenda mapazi ngati 30 ma servo ayenera kumamvabe bwinobwino. Thupi la munthu ndi mitengo yamasamba zimatchinga mafunde a 2.4 GHz, choncho pakati pa inu ndi ndege pasakhale kanthu.

Malo oulutsira akhale kutali ndi doko, msika, mawaya a ESCOM ndi matandala pamene amayi akuyanika usipa, ndipo malamulo a oyang'anira za ndege awatsate aliyense, ngakhale ndege yake ndi yaing'ono. Nyamukani moyang'anizana ndi mphepo, muterenso chimodzimodzi. M'miyezi yozizira mwera ukauka, ndege yopepuka siingalimbane nawo; dikirani m'mawa wa tsiku limene nyanja yagona.