Madzulo a ku Liberdade, Madzulo a ku Bixiga

Mu mzinda wa São Paulo, ku Brazil, muli madera awiri ogundana malire, oti munthu angathe kuchoka kwina n'kufika kwinako wapansi thukuta lisanatuluke. Kwina ndi ku Liberdade, kumene msewu wa Galvão Bueno uli ndi chipata chofiira cha Chijapani ndi nyali zoyera zolendewera m'mbali mwake. Kwinako ndi ku Bixiga, kumene nyumba zodyeramo za Chitaliyana, zotchedwa cantina, zandanda mu msewu wa Treze de Maio. Anthu a mumzindawu akamapangana kokadya madzulo, mayina awiriwa sachedwa kutchulidwa.

Amene anabweretsa zakudya za Chitaliyana ndi za Chijapani kumaderawa anakokedwa ndi mbewu imodzi, khofi. Ataliyana ndiwo anatsogola, ndipo anachuluka kwambiri ukapolo utathetsedwa mu 1888, eni minda ali kalikiliki kufuna antchito. Mu 1902 boma la Italy, litamva za nkhanza za m'mindamo, linaletsa anthu ake kupita ku Brazil pa matikiti olipiriridwa, ndipo eni minda anatembenukira ku Japan. Sitima ya Kasato Maru inakocheza padoko la Santos pa 18 June 1908 itanyamula anthu 781. Mjapani anabwera kudzagwira khasu limene Mtaliyana ankalisiya. Onse anavutika m'minda, onse anatsetserekera m'tauni, onsenso anakhazikika m'madera amene anthu akuda anayamba kale kukhalamo: ku Liberdade kunali manda a akapolo ndi bwalo lonyongerapo anthu, ku Bixiga kunali mudzi wa Saracura wa othawa ukapolo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inawapweteka limodzi. Mu 1942 timu ya mpira ya Palestra Italia inakakamizika kusintha dzina n'kukhala Palmeiras, ndipo chaka chomwecho mabanja a Chijapani anachotsedwa m'dera la msewu wa Conde de Sarzedas.

Mbiri yawo ikufanana chotero, koma lowani pakhomo muone kusiyana. Mu cantina mumalandiridwa ndi phokoso. Mabotolo a vinyo akulendewera kudenga, zithunzi za makolo zadzaza khoma, matebulo aphatikizidwa kuti banja lonse likwane, agogo kumutu, zidzukulu kumapeto. Wophika simumuona, ali kuseri, ndipo chimene chimakufikani ndi fungo la adyo ndi mbale yaikulu yofuka nthunzi. M'nyumba ya sushi mumalandiridwa ndi moni wofuula kamodzi, kenako bata. Mpando wabwino koposa uli pakauntala, ndipo wophika ali maso ndi maso ndi inu. Mu cantina munthu amayang'ana anzake. Pakauntala amayang'ana manja a mmisiri. Uku chakudya chimabwera kudzatumikira macheza, uko macheza amayamba aima kaye kuti chakudya chidutse.

Manja amenewo ndi oyenera kuwaonetsetsa. Mmisiri amanyowetsa zala m'madzi osakaniza ndi viniga kuti mpunga usamamatire. Amatapa mpunga wofunda ndi dzanja lamanja, kachidutswa ka nsomba kali m'dzanja lamanzere, amapaka kadontho ka chokometsera cholula chotchedwa wasabi, n'kuphatikiza, n'kupsinja ndi zala ziwiri, n'kutembenuza, n'kupsinjanso. Akapsinja kwambiri mpungawo umauma ngati mwala. Akanyengerera umamwazika usanafike pakamwa. Amauika patsogolo panu, ndipo ulemu wake ndi kudya nthawi yomweyo, mpunga usanazizire. Wophika pizza nayenso ali ndi mphindi yake yotere. Amatambasula mtanda ndi nsonga za zala kuchokera pakati, kukankhira mpweya m'mphepete kuti mkombero udzatupe, amazunguliza supuni ya matimati, n'kulowetsa ndi fosholo yaitali mu uvuni wa nkhuni. Pizza ya ku Napoli imapsa pa mphindi imodzi ndi theka, kutentha kutapitirira madigiri 400. Wophikayo akangoyang'ana kumbali, yapserera.

N'kosavuta kunena kuti Mtaliyana amadalira moto pamene Mjapani amadalira mpeni, kuti wina amaphika maola ambiri pamene mnzake saphika n'komwe. Mawuwo ali ndi choonadi pang'ono, koma amabisa zambiri. Inde, msuzi wa nyama ndi matimati wa mu cantina umabwata pang'onopang'ono m'mawa wonse, pamene nsomba ya sashimi imangodulidwa. Koma msuzi wa dashi, umene ndi maziko a zophika za Chijapani, umachokera ku ndere za m'nyanja zouma zotchedwa kombu ndi ku katsuobushi, nsomba yowambidwa ndi kuumitsidwa mpaka kulimba ngati mtengo, ntchito ya masabata ngakhale miyezi. Shoyu, msuzi wakuda wa soya, amafufumitsidwa miyezi yambiri. Tchizi cha Parmigiano Reggiano nachonso sichiloledwa kutchedwa dzinalo chisanagone miyezi 12. Makhitchini onse awiri amaphika mofulumira zinthu zimene wina anazidikirira nthawi yaitali. Ndipo kukoma kumene amakusaka n'kumodzi. Mu 1908, chaka chomwe Kasato Maru inafika, Kikunae Ikeda wa ku yunivesite ya Tokyo anapeza kuti chokometsa msuzi wa kombu ndi glutamate, nakutcha kukomako umami. Glutamate yemweyo ndi wochuluka m'matimati akupsa ndi m'tchizi chokhalitsa. Wina anakupeza m'nyanja, wina m'munda ndi m'khola.

Kayalidwe ka chakudya ndiko kamasiyana zenizeni. Ku Italy chakudya chimabwera motsatizana: zotsegulira m'kamwa, kenako pasta payekha, kenako nyama kapena nsomba. Ku Japan chakudya cha tsiku ndi tsiku chimabwera pamodzi pathireyi: mbale ya mpunga woyera, kambale ka msuzi wa miso, nsomba yootcha, ndi masamba oviika mumchere. Wozolowera nsima ndi ndiwo angaimvetse msanga thireyi ya Chijapani, pakuti mpungawo sathira mchere, ndipo zinazo zimakoleretsedwa kuti ziuperekeze. Chachilendo kwa iye chingakhale cha Mtaliyana, wodya chokhutitsa poyamba, ndiwo pambuyo. Komabe mbale ya cantina ndi ya onse, yogawana, pamene thireyi ndi ya munthu mmodzi. Aliyense wa awiriwa ali pafupi ndi ife mbali imodzi, kutali mbali ina.

São Paulo sanasiye chilichonse mwa ziwirizi monga chinabwerera. Mu cantina, dongosolo lotsatizana lija linaphwasuka: nyama yokutidwa ndi nyenyeswa za buledi, matimati ndi tchizi, imene amaitcha filé à parmegiana, imabwera ndi mpunga ndi tchipisi, zinthu zimene munthu wa ku Parma, ku Italy, angazidabwe. Pizza inanenepa, inalandira nkhuku ndi tchizi chofewa cha Catupiry, ndipo imadyedwa ndi mpeni ndi foloko, makamaka Lamlungu madzulo. Ku mbali ya Chijapani kusintha kunali kwakukulu koposa. Kuchokera ku nyumba zootcha nyama kunabwera rodízio, kulipira mtengo umodzi n'kudya mpaka kukhuta, ndipo chakudya chimene mwambo wake ndi wa pang'onopang'ono chinayamba kubwera m'mbale zosefukira. Sushi anaikidwa tchizi chofewa, anakazingidwa m'mafuta, anakulungidwa ndi mango. Nsomba ya salmon, yoweta m'makhola a m'nyanja ku Chile, inalanda malo a nsomba zina zambiri. Ngakhale caipirinha, chakumwa cha dzikolo, chimapangidwanso ndi sake, mowa wa mpunga wa Chijapani, m'malo mwa kachasu wa nzimbe.

Apa ndili ndi maganizo anga. Kuchulutsa sikuipweteka kwambiri cantina, chifukwa kuwolowa manja ndiwo mtima wake kuyambira kale. Tchizi chowonjezera ndi mawu omwewo onenedwa mokweza. Koma rodízio imachotsa pa sushi chinthu chimene chimamupanga kukhala sushi, kuti chidutswa chilichonse chipangidwire munthu amene wakhala pamenepo, nthawi yomweyo. Ndikunena izi ndikudziwa mbali inayo: popanda rodízio, mabanja ambiri sakanalawa n'komwe nsomba yaiwisi, ndipo kauntala ikanakhala ya olemera okha. Mtengo wa chakudya chosankhiridwa ndi mmisiri, chimene amachitcha omakase, ungadyetse banja lonse mu cantina. Wonyoza rodízio ayambe waona kaye thumba la amene akudyayo.

Nthawi imene zinatenga kuti zizolowereke nayonso ndi yosiyana. Chakudya cha Chitaliyana chinalowa msanga m'nyumba za anthu wamba, poti chinenero n'chapachibale ndi Chipwitikizi, mpingo ndi umodzi, ndipo tirigu sanali wachilendo. Macarronada, pasta ya Lamlungu masana, ndi ya aliyense tsopano; ambiri amadya nhoque, timipira ta mbatatesi ndi ufa, pa 29 mwezi uliwonse ataika ndalama kunsi kwa mbale pofuna mwayi; ndipo mwezi wa August chikondwerero cha Nossa Senhora Achiropita chimadzaza misewu ya Bixiga. Chakudya cha Chijapani chinakhala zaka makumi angapo chikudyedwa ndi eni ake okha, m'tinyumba tating'ono, mpaka cha m'ma 1980 ndi 1990 pamene ena onse anachitulukira. Izi sizikutanthauza kuti Ajapani sankadyetsa mzindawu. Alimi awo a ku Cotia ndi ku Mogi das Cruzes, pafupi ndi mzindawu, ndiwo ankadzaza misika ndi mbatatesi, masamba ndi mazira, ndipo pastel, mtanda wokazinga wokhala ndi zam'kati, wa m'misika ya m'misewu, anafalitsidwa kwambiri ndi mabanja a Chijapani. Mtaliyana anadziwika ndi mbale yake. Mjapani anayamba wadziwika ndi dengu.

Lero ku Liberdade kuli Atchaina ndi Akoreya ambiri, ndipo zidzukulu za Ataliyana zambiri zinasamuka kuchoka ku Bixiga. Mukasuzumira kuseri kwa uvuni kapena kwa kauntala, kawirikawiri mupeza munthu amene makolo ake sanaonepo Napoli kapena Okinawa wa ku Japan. Ndi mwana wa kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, wa ku Ceará kapena ku Bahia, amene anabwera ku São Paulo kudzafuna ntchito, nayamba ndi kutsuka mbale, naphunzira poonerera. Pa chikwangwani pali dzina la Chitaliyana kapena la Chijapani, koma mtanda ndi mpunga zili m'manja mwake.