Chimanga Chikasanduka Machinga: Masewera Osokoneza Malembo ku Machinjiri

Tengani cholembera ndi kapepala, mulembe malembo awa: N A C G I M H A. Musanapitirize kuwerenga, yesani kuwasanja kuti apange liwu limodzi. Ngati mwapeza "chimanga", mwakhoza. Ngati mwapeza "Machinga", mwakhozanso. Koma ngati mwapeza "chaminga", dziwani kuti mwalowa mu mkangano womwe unatitengera masiku awiri ife ophunzira ochokera ku Machinjiri, chifukwa ena ankati ndi liwu limodzi pamene ena ankati ndi mawu awiri ongolumikizidwa.

Amenewa ndiwo masewera omwe timachita tsiku ndi tsiku. Tinawayamba pa tchuthi, tili m'minibasi ku Limbe kudikira kuti idzaze. Mnzathu wina analemba malembo osokonekera kuseri kwa lisiti n'kutipatsa kuti timasule. Pomwe tinkafika pa Luwanda, n'kuti kapepala kaja katazungulira mipando itatu, ndipo mayi wina amene sitinkamudziwa n'komwe ndiye anapeza yankho. Kuyambira pamenepo sitinasiye. M'nkhani ino tikufuna tifotokoze kumene masewerawa anachokera, momwe amaseweredwera m'Chichewa, ndiponso zomwe atiphunzitsa.

Kumene anachokera

Kusewera ndi mawu si kwachilendo kwathu kuno. Ambirife tinakula tikumva "Ndagi!" n'kumayankha kuti "Jize!" madzulo tikatha kudya. Chachilendo ndi kusewera ndi malembo olembedwa, ndipo zimenezi zinafala kudzera m'nyuzipepala za kunja.

M'chaka cha 1954, Martin Naydel wa ku America anayambitsa masewera omwe lero amatchedwa Jumble. Tsiku lililonse nyuzipepala imasindikiza mawu anayi osokonezedwa malembo. Ukawamasula, umatenga malembo omwe agwera m'timabwalo n'kuwasanjanso kuti upeze yankho lomaliza, lomwe limagwirizana ndi chithunzi choseketsa chomwe chili pambali pake. Scrabble ndi yakale kuposa pamenepo. Alfred Butts anaikonza m'zaka za m'ma 1930, ndipo inayamba kugulitsidwa ndi dzina limeneli mu 1948. Chaposachedwapa kunabwera Wordle, yomwe Josh Wardle anaitulutsa pa intaneti mu 2021, ndipo nyuzipepala ya The New York Times inaigula kumayambiriro kwa 2022. Mu Wordle mumakhala liwu limodzi lokha patsiku, la malembo asanu, ndipo munthu amaloledwa kuyesa kasanu ndi kamodzi basi.

Tisaganize kuti awa ndi masewera a azungu okha. Mu 2015, Wellington Jighere wa ku Nigeria anapambana mpikisano wa Scrabble wa dziko lonse mumzinda wa Perth ku Australia, ndipo anali munthu woyamba wa mu Africa kutero.

Vuto ndi lakuti zonsezi zinakonzedwa poganizira Chingerezi. Ife titabwereka bokosi la Scrabble kuti tiyese m'Chichewa, sitinapite patali. M'bokosimo muli timatabwa 100, koma K alimo mmodzi yekha, Z mmodzi, M awiri ndi W awiri, pamene E alimo 12. Kodi Chichewa chingayende ndi K mmodzi? Ngakhale "nkhuku" sungalembe popanda kugwiritsa ntchito kathabwa kopanda lembo. N'chifukwa chake tinabwerera ku pepala ndi cholembera.

Masamu ake

Poyamba munthu amaganiza kuti kumasula liwu n'kungoyesayesa mpaka utachita mwayi. Masamu akukana. Malembo 5 osiyana angasanjidwe m'njira 120. Akakhala 6, njira zake ndi 720, ndipo akakhala 7 zimafika 5,040. Malembo 8 a "chimanga", poti A alimo kawiri, angasanjidwe m'njira 20,160. Palibe amene angayese zonsezo ali pa depoti. Amene amapeza yankho msanga ndi amene amadziwa, kaya mozindikira kaya mosazindikira, momwe chiyankhulo chimamangira mawu ake.

Apa ndi pamene Chichewa chili ndi ubwino wake. Nazi njira zisanu zomwe timatsata.

Choyamba, patulani malembo a liwu, omwe ndi a, e, i, o, u, kuwachotsa pakati pa malembo opanda liwu. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndipo kawirikawiri chiwerengero cha malembo a liwu ndicho chiwerengero cha maphatikizo. Mu N A C G I M H A muli malembo a liwu atatu, ndiye kuti tikufuna liwu la maphatikizo atatu. Chenjerani ndi m yemwe amaima payekha ngati phatikizo, monga mu "mtengo" ndi "mpando".

Chachiwiri, funani malembo omwe amayendera limodzi. C sayenda popanda h. H amakonda kutsatira c, k, p ndi t, monga mu "khasu", "phala" ndi "thumba". N amakonda kutsogolera d, g, j, y ndi z, pamene m amatsogolera b, f ndi v. Choncho m'chitsanzo chathu chija, c ndi h tawamanga pamodzi. Tikayesa kumanganso n ndi g, tatsala ndi zidutswa zitatu: ch, m ndi ng. Zidutswa zitatuzo zingatsatane m'njira 6, ndipo i angakhale pa malo atatu. Njira 20,160 zija zatsika kufika pa 18.

Chachitatu, yang'anani mphatikiram'mbuyo. Mayina ambiri amayamba ndi chi-, zi-, ma-, mi-, ka- kapena ti-, ndipo aneni ambiri amathera ndi -a. Mukaona c, h ndi i, yambani mwayesa chi- kumayambiriro.

Chachinayi, kumbukirani lamulo la l ndi r. M'kalembedwe kovomerezeka, r amabwera patsogolo pa i kapena e, monga mu "lira" ndi "bwera", pamene l amayamba liwu kapena kutsatira a, o ndi u, monga mu "wala", "tola" ndi "gula". Ndiye mukapatsidwa A L M I, yankho ndi "lima". Mnzathu wina anayankha "mila" poganiza za kumira m'madzi, ndipo sanapatsidwe kanthu.

Chachisanu, tchulani mokweza. Khutu limadziwa mawu ambiri kuposa diso. Nthawi zambiri munthu amakhala chete akuyang'anitsitsa pepala osaona kanthu, koma akangoyamba kung'ung'udza maphatikizo, liwu limatuluka lokha.

Liwu limodzi, mayankho awiri

Chomwe chimakometsa masewerawa m'Chichewa n'chakuti mawu ambiri amasanduka ena ukangosuntha malembo. "Kale" amasanduka "leka". "Tola" amasanduka "lota", "tema" amasanduka "meta", "pota" amasanduka "topa", "sala" amasanduka "lasa", ndipo "nama" amasanduka "mana". Lomwe limatisangalatsa kwambiri ndi "ndalama". Mukasuntha phatikizo lomaliza n'kuliika kumayambiriro mumapeza "mandala", dzina lomwe anthu anapatsa John Moir wa kampani ya African Lakes chifukwa cha magalasi ake a m'maso. Dzinali lilipobe mpaka lero pa dera la Mandala mumzinda wa Blantyre, pomwe pali nyumba ya Mandala House yomangidwa mu 1882.

Koma mayankho awiriwa amafuna kusamala. Tsiku lina wofunsa anapereka O K A M akuganiza za "koma". Mwana wa Sitandade 5 amene anali nafe pakhonde anafuula mosangalala kuti "Mako!" pamaso pa akuluakulu. Panali zii kwa kanthawi, kenako chiseko. Kuyambira tsiku limenelo, wofunsa aliyense amayamba wafufuza yekha mawu onse omwe angatuluke m'malembo ake asanawapereke.

Momwe timasewerera

Gulu lathu lili pa WhatsApp, koma si onse omwe ali ndi foni kapena bandulo tsiku lililonse. Choncho mawu a tsikulo amalembedwanso pa katoni yomwe imapachikidwa pa okala ya mayi ake a mnzathu wina. Aliyense ali ndi tsiku lake lofunsa. Mawu amatuluka 6 koloko m'mawa ndipo amakhala atatu: lapafupi, lapakatikati ndi lovuta. Wopeza yankho amauza wofunsa yekha, kuti asawonongere anzake. Mayankho amaululidwa madzulo. Pa Sabata gulu limapuma.

Malamulo ndi ochepa. Palibe kufunsa kompyuta kapena foni. Palibe kubetcherana ndalama. Mawu otukwana ndi oletsedwa. Mayina a malo ndi ololedwa, koma mayina a anthu ayi. Mawu obwereka monga "sukulu" ndi "botolo" ndi ololedwa malinga ngati alembedwa m'Chichewa. Pakabuka mkangano timatsegula mtanthauziramawu. Tili ndi awiri obwereka: Mtanthauziramawu wa Chinyanja wokonzedwa ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba, ndi wa Chichewa ndi Chingerezi wa Steven Paas. Liwu likasowa m'mabuku onsewo, limavomerezedwa pokhapokha akuluakulu awiri a m'nyumba zosiyana atalidziwa n'kupereka tanthauzo lofanana.

Lamulo lomalizali ndi lofunika chifukwa ku Machinjiri kumakhala anthu ochokera m'zigawo zonse. Wina anakulira ku Mulanje, wina ku Mangochi, wina ku Mzimba, wina ku Nsanje. Liwu lomwe wina akuti kulibe, kwa mnzake ndi la tsiku ndi tsiku. Mwanjira imeneyi taphunzira mawu a Chilomwe, Chiyao, Chitumbuka ndi Chisena, ngakhale sawerengedwa pa mapointi.

Zomwe zinatichititsa manyazi

Tinayamba masewerawa tikudziona ngati akatswiri. Si ndife a ku koleji? Koma mwezi usanathe tinazindikira kuti ambirife sitidziwa kulemba chiyankhulo chomwe timayankhula. Timalemba malipoti a Chingerezi a masamba khumi, koma tikafunsidwa ngati ndi "bwela" kapena "bwera", "nkuku" kapena "nkhuku", timayang'anana. Pa foni tinazolowera kudula mawu n'kumalemba "bho" ndi "zkm", mpaka dzanja linaiwala kalembedwe kenikeni.

Amene anatigonjetsa mwezi woyamba ndi achimwene ena oyendetsa kabaza ya njinga yamoto, amene analekezera sukulu ku pulayimale. Ankaima pa okala paja, kuyang'ana katoni, kutchula maphatikizo kawiri kapena katatu, n'kunong'oneza yankho asanalize njinga. Otsatira awo anali mayi ena achikulire, aphunzitsi opuma pa ntchito, amene anatiuza kuti, "Ana anga, inu mumawerenga ndi maso okha. Chichewa chimafuna khutu." Iwowa ndi amene anatiphunzitsa lamulo la l ndi r, lomwe tonse tinaliphunzirapo ku pulayimale koma tinalitaya.

Kalembedwe kameneka sikanangogwa kuchokera kumwamba. Anthu anakagwirira ntchito. Mu 1892 David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre anatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, omwe anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Ngati ife ophunzira sitiwadziwa, adzawadziwa ndani?

Nkhaniyi si yongofuna kukometsa chiyankhulo. Ambiri mwa ife tikamaliza maphunziro tidzakhala anamwino, madokotala, aphunzitsi kapena alangizi. Tidzalemba chidziwitso pakhomo la chipatala, malangizo a kamwedwe ka mankhwala, kapena kalata yopita kwa makolo ndi kwa amfumu. Owerenga ake adzakhala anthu ngati achimwene a kabaza aja, omwe amawerenga lembo lililonse momwe lalembedwera. Kwa iwo "pala" si "phala", ndipo "kola" si "khola". H mmodzi akasowa, uthenga wasintha.

Sitikunena kuti masewerawa ndi mankhwala a ubongo, kapena kuti adzakukhozetsani mayeso. Chomwe taona ndi maso athu n'chakuti tsopano timayamba taganiza tisanalembe, timafunsa agogo matanthauzo a mawu, ndipo pa okala paja pamakumana anthu omwe kale ankangodutsana. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Liwu lomwe lakanika wa ku koleji, wa kabaza amalipeza, ndipo lomwe lakanika onse awiri, agogo amalidziwa.

Yambitsani kwanu

Simufunika ndalama. Pezani anzanu anayi kapena asanu ku hositelo kapena kumudzi kwanu. Gwirizanani za nthawi ndi malamulo musanayambe, chifukwa mikangano idzabwera ndithu. Yambani ndi mawu a malembo anayi kapena asanu kuti ongoyamba kumene asagwe ulesi. Musaseke wolephera, ndipo musasiye kunja amene alibe foni. Koposa zonse, itanani munthu mmodzi wachikulire.

Nawa mawu oti muyambirepo. Phimbani mzere womaliza ndi chala.

1. D I M A Z
2. M A N I S
3. L U K U S U
4. T A B A M T A
5. E N D R I N A D (dzina la malo)
6. A L H P I T A C A

Mayankho: madzi, nsima, sukulu, mbatata, Ndirande, chipatala.