Mmene mayunivesite a boma amagulira katundu

Mbiri ya khonsolo ya yunivesite imamveka kwambiri ikakweza fizi, monga zidachitikira ku Yunivesite ya Malawi mu 2016 pamene ophunzira adachita zionetsero. Komabe ntchito yaikulu ya khonsoloyi imachitika mwakachetechete: kuvomereza bajeti ya chaka, kuunika malipoti a akatswiri ofufuza za chuma ndiponso kuloleza ntchito zikuluzikulu monga kumanga malo ogona ophunzira.

Khonsolo payokha siigula katundu. Dipatimenti imene ikufuna makompyuta kapena mankhwala a mu labotale imalemba pempho, ndipo komiti yoona zogula imaitanitsa mitengo kwa amalonda angapo. Ndalama zikachuluka, komitiyo imalengeza tenda kuti makampani apikisane. Popeza ndalamazi ndi za boma, pali mabungwe amene amayang'anira ndondomeko yonseyi. Ku Malawi kuli PPDA, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017, pamene ku Zambia kuli ZPPA.

Ndondomekoyi imachepetsa katangale, koma imatenga nthawi, ndipo kuchedwa kumaonongetsa ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi idachepetsedwa mphamvu: dola imodzi, yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180, idafika pa K1,700. Zoterezi zikachitika zipangizo zakunja zisanalipiridwe, ndalama zimene zidavomerezedwa zimaperewera.

Apa khonsolo imakakamizika kusankha pakati pa kuchepetsa zogula, kupempha ndalama zina ku boma ndi kukweza fizi. Ikachepetsa zogula, ophunzira amapeza labotale yopanda zida. Ikakweza fizi, mtolo umagwera makolo.