Laputopu Itasowa Mawu, Musathamangire Kugula Zina

Kampani ya Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndinaika Linux m'laputopu yanga yakale, popeza ndi yaulere. Zonse zinayenda bwino kupatula mawu. Masipika anangoti zii. Chonsecho kwaya yathu imaphunzirira nyimbo pa laputopu imeneyi, ndipo Loweruka tinali ndi ukwati woti tikaimbeko.

Wokonza makompyuta wina anandiuza kuti sound card, kachipangizo kotulutsa mawu, kapsa ndipo ndigule kena. Ndalama ndinalibe, choncho ndinayamba kufufuza ndekha.

Pa Linux, mbali imene imayendetsa kachipangizoka imatchedwa ALSA. Ndinatsegula Terminal n'kulemba aplay -l, ndipo dzina la kachipangizo kanga linaoneka. Mtima unakhala pansi, chifukwa zinasonyeza kuti kompyuta ikukazindikira. Kenako ndinalemba alsamixer n'kudina F6 kuti ndikasankhe. Pansi pa Speaker panali zilembo MM, kutanthauza kuti mawu ndi otseka. Nditadina M, zilembozo zinasanduka OO, nyimbo n'kuyamba kumveka.

Si vuto lililonse limatha chonchi. Nthawi zina mawu amalowera ku HDMI m'malo mwa masipika, ndipo malaputopu ena atsopano amafuna Linux yatsopanonso. N'chifukwa chake musanaike Linux, yambani mwaiyesa pa fulashi, mumve ngati masipika ndi maikolofoni zikugwira ntchito.

Loweruka lija tinaimba bwinobwino, ndipo sindinawonongepo ngakhale tambala.