Kukuza injini ya galimoto ya hayibulidi: n'zotheka, koma phindu n'lochepa

Pamsewu wa M12, wochoka mumzinda wa Lilongwe kudzera pa Mpingu ndi Namitete kulowera ku Mchinji, galimoto zing'onozing'ono zochokera ku Japan ndizo zikunyamula anthu ndi katundu. Zina mwa izo ndi za hayibulidi, zoyendera petulo ndi batire pamodzi, ndipo zimakondedwa kaamba kosamwa mafuta. Koma galimoto yopangidwira anthu asanu ikasenza matumba a mtedza ndi chimanga kuchokera ku Nsaru kapena Kabudula, imalira pachitunda. Apa m'pamene mwini wake amayamba kufunsa amakaniko ngati angaikuzire injini potenga zipangizo m'galimoto ina yachibale.

Kukula kwa injini, komwe amakuyeza m'ma cc, kumatengera zinthu ziwiri kupatula chiwerengero cha masilinda: m'mimba mwa silinda ndi mtunda womwe pisitoni imayenda pokwera ndi potsika. Mtundawu umalamulidwa ndi crankshaft.

Chitsanzo chomveka bwino chili ku Honda. Galimoto za Insight ya 2009 ndi Fit Hybrid ya 2010 zili ndi injini ya LDA ya 1,339cc, pamene CR-Z ya 2010 ndi Freed Hybrid ya 2011 zili ndi LEA ya 1,497cc. Injini ziwirizi n'zabanja limodzi ndipo masilinda ake ndi ofanana, mamilimita 73. Kusiyana kwagona pa ulendo wa pisitoni: mamilimita 80 mu LDA ndi 89.4 mu LEA. Choncho pamasamu, crankshaft ya LEA ikhoza kuonjezera 158cc.

Tsono chitsulo chimodzichi sichiyenda chokha. Chikaikidwa popanda kusintha zina, pisitoni idzakwera mamilimita 4.7 kuposa malire ake n'kukagunda hedi ya injini. Pamafunika mapisitoni ndi mikono yake yogwirizana nacho, ndipo pamapeto pake njira yapafupi imakhala kusamutsa thunthu lonse la injini.

Nanga akavutika chonchi, mwini galimoto apeza chiyani? Injini ya Fit Hybrid imatulutsa mphamvu ya mahatchi 88. Ya Freed Hybrid, ngakhale n'njokulirapo, imatulutsanso mahatchi 88 omwewo. Chomwe yaposera ndi kukoka chabe, 132Nm poyerekeza ndi 121Nm. Ya CR-Z ndiyo imapitirira mahatchi 110, koma chinsinsi chake ndi mavavu 16, pomwe Fit Hybrid ili ndi 8. Mphamvu imachokera m'kapumidwe ka injini, osati kukula kokha.

Kwa eni Toyota nkhani yake n'njaifupi. Aqua, Sienta Hybrid ya 2015 ndi Prius ya 2003 mpaka 2009 zimayendera injini imodzi ya 1.5, yotchedwa 1NZ-FXE. Injini ya 1NZ-FE ya mu Probox ndi Sienta yapetulo ndi m'bale wake, koma kukula kwake n'chimodzimodzi, kotero palibe cc yomwe ingaonjezereke. Injini ya 1.8 ya mu Prius ya 2009 n'njabanja lina.

Chopinga chachikulu ndi kompyuta. M'galimoto ya hayibulidi, kompyuta ndiyo imagawa ntchito pakati pa injini ndi mota yamagetsi, imazimitsa injini galimoto ikaima, komanso imayeza petulo malinga ndi injini yomwe inabadwa nayo. Ikapatsidwa yachilendo, zotsatira zake zikhoza kukhala nyali zochenjeza, kumwa mafuta kapena kutentha kwa injini. Kusintha kompyutayo kumakoka mawaya ndi masensa ake, ntchito yofuna makina oyezera ndi katswiri wa zamagetsi, osati sipanala yokha.

Funso lomwe limaiwalika n'lakuti galimotoyo yafookeranji. Zambiri mwa izi zimafika m'dziko muno batire yake itakalamba kale, ndipo fumbi la m'misewu ya ku Nambuma limatseka fani yoziziritsa batireyo. Ikatentha, kompyuta imachepetsa thandizo la mota, injini n'kutsala yokha ndi katundu. Kuyezetsa batire, kupukuta fani ndi kusintha mapulagi ndi sefa ya mpweya n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kugula injini ku Biwi.

Amene watsimikizabe mtima asakhudze mawaya a mtundu wa lalanje popanda katswiri, chifukwa amanyamula mavoti 100 kapena kuposa. Adziwenso kuti nambala ya injini inalembedwa m'buluu buku, choncho kusinthako akuyenera kukakulembetsa ku nthambi ya Road Traffic ndi kudziwitsa kampani ya inshulansi, kuopa kuti ingadzakane kulipira ngozi itachitika.