Kodi mumadziwa?

Query imodzi yochedwa ingathe kuimitsa ntchito ya anthu ambiri pa database. Mu MySQL, lamulo la UPDATE likasowa index yoyenera, InnoDB imasanthula tebulo lonse, ndipo mzere uliwonse umene yadutsapo imautseka. Ena ofuna kusintha mizere yomweyo amangodikira ngati anthu pachigayo. Pakatha masekondi 50 mizereyo isanatsegulidwe, MySQL imawabweza ndi error 1205.

Ambiri amathamangira kuwonjezera masekondiwo, koma kumeneko n'kungobisa matenda. Yambani mwayang'ana mu sys.innodb_lock_waits kuti mudziwe amene watsekereza anzake. Kenako gwiritsani ntchito EXPLAIN pa query yolakwayo. Mukaona kuti ikuwerenga tebulo lonse, ikani index pa column imene ili mu WHERE.